Funsani Wojambula: Mbalame za M'madzi ndi Zisa Zake

Mwezi uno makalata ochuluka achokera kwa inu okhala m'mbali mwa madzi, ku Chilwa, ku Shire ndi kunyanja, ndipo pafupifupi onse akufunsa za mbalame. Mafunso a zithunzi za paukwati ndi pachinkhoswe ndawasungira ulendo wina. Makalata ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Bambo Wojambula, ndine mtsikana wa Fomu 3. Pa holide ndimapita kwa amalume ku Kachulu, ndipo mbalame za ku Chilwa zimandisangalatsa kwabasi. Koma ndikajambula ndi foni zimangooneka timadontho takuda pamadzi, ndikakoka zumu chithunzi chimachita mbuu. Popanda kamera yodula ndingoleka? — Mtsikana wa sukulu, Zomba

YANKHO: Usaleke, mwananga. Kumene umapita pa holide kumeneko, anthu ena amachita kukwera ndege kuti akaoneko. Dziko lathu litalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, malo oyamba kulembedwa anali Chilwa, chifukwa cha mbalame zomwezo ukuziona. Nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo yazunguliridwa ndi dambo lalikulu la njedza momwe mbalame zimabisala ndi kuswerana.

Choyamba, chotsa zala pa zumu. Zumu ya mafoni ambiri siyandikitsa kanthu, imangodula chithunzi n'kukulitsa chotsalacho, n'chifukwa chake ukuona mbuu. Ngati kusukulu kwanu kuli kalabu ya zachilengedwe, kafunse ngati ali ndi ma binoculars (magalasi oonera patali) obwereka. Uwagoneke pa kathumba ka mchenga kapena ka nyemba, uwalozetse pa mbalame ndi maso ako mpaka ioneke bwino, kenaka ugunditse diso la kamera ya foni pa galasi limodzi. Chithunzi chidzatuluka chozungulira, m'mbali muli mdima, koma zimenezo udzadula pambuyo pake. Tchera timer ya masekondi atatu kuti chala chisagwedeze foni pojambula.

Njira ina, yomwe ine ndimaikonda kuposa, ndi yakuti mbalameyo ibwere yokha. Mbalame za m'madzi zili ndi chizolowezi. Kakowa amene wam'peza m'mawa uno akuwedza pa kangalande kena, mawa abweranso pomwepo nthawi yomweyo. Ndiye masiku oyamba ungoona osajambula, uzindikire kuti ndani amatera pati. Ukatero udzafike kusanache, ukhale pansi, dzuwa lizituluka kumsana kwako. Uvale zofiirira kapena zobiriwira, malaya oyera a sukulu asiye kunyumba. Mbalame imaopa munthu woimirira ndi woyenda molunjika kwa iyo, koma wokhala pansi ali phee imamuiwala pakapita kanthawi. Foni uitsitse kufupi ndi madzi, maso a mbalame ndi diso la kamera zilingane. Ukajambula utaimirira, kumbuyo kwa mbalame kumaoneka matope okhaokha. Ukatsika pansi mbalame imaima payokha, ndipo madzi akakhala bata chithunzithunzi chake chimaonekanso m'munsi.

Apemphenso amalume kuti tsiku lina akutenge pa bwato. Mbalame za kumeneko zinazolowera mabwato a asodzi, ndipo munthu wokhala m'bwato loyenda pang'onopang'ono amafika pafupi kuposa wapansi. Uvale jekete yoyandamitsa, foni ikhale m'kachidebe kotseka bwino mpaka nthawi yojambula itakwana, ndipo usamalowe m'madzi chifukwa likodzo ndi losaoneka. Pa doko pomwepo, nthawi yomwe akutsitsa matemba ndi makumba, akakowa amafika pafupi zedi ndi anthu. Yambira pamenepo. Uziwafunsanso asodzi achikulire mayina a mbalame ndi nyengo yomwe zimaikira mazira. Zambiri zomwe ndimadziwa za nyanja imeneyo ndinazimva kwa anthu ogona m'zimbowera.

Ukadzayamba kupeza kangachepe, usathamangire kamera ya malenzi osinthasintha. Kamera za zumu yaitali yomangirira pomwepo, monga Nikon Coolpix P900 kapena Canon PowerShot SX70, zimakwanira woyamba kumene. Ukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, uunike ndi tochi m'kati mwa lenzi. Ukaona timizere toyera tofalikira pagalasi, ndi nkhungu imeneyo, ibweze.

FUNSO: Akulu, tinakwera boti pa Shire ku Liwonde National Park ndi ana a Sande sukulu. Ndinajambula mbalame yofiirira, yoyera pakhosi, ya chipumi cha buluu, ikuyenda pa masamba a kakombo. Kunyumba nditakulitsa chithunzi ndinaona timiyendo tina tikulendewera m'mapiko mwake. Anzanga ena akuti ndi yolumala, ena akuti ndi malodza. — Mayi wa ku Balaka

YANKHO: Amayi, chithunzi chimenecho muchisunge malo awiri, foni ikhoza kutayika. Alipo ojambula omwe akhala akuchifunafuna zaka zambiri osachipeza. Palibe malodza apa, mwajambula bambo atanyamula ana ake.

Mbalameyo m'mabuku amaitchula kuti African jacana. Zala zake ndi zazitali modabwitsa, n'zomwe zimaichititsa kuyenda pa tsamba loyandama osamira. Banja lake limayenda mosiyana ndi mbalame zambiri. Yaikazi ndiyo yaikulu, kulemera kwake kumatsala pang'ono kuwirikiza kawiri kwa yaimuna, ndipo imakhala ndi amuna angapo, aliyense ndi chigawo chake cha dambo. Ikaikira mwamuna mmodzi mazira anayi, yatha nayo, imapita kwa wina. Kufungatira mazira ndi kulera ana ndi ntchito ya yaimuna yokha.

Chisa chake mukachiona simunganene kuti ndi chisa. Ndi timaudzu tonyowa pang'ono tounjikidwa pa zomera zoyandama, ndipo nthawi zina mazirawo amakhudza madzi. Mazirawo ndi okongola, onyezimira, ofiirira, okhala ndi timizere takuda topiringizana ponseponse. Yaimuna pofungatira imawalowetsa m'kati mwa mapiko n'kuwapanikiza kuthupi, ndipo pakapita milungu itatu ndi masiku pang'ono amaswa. Anapiye amayamba kuyenda ndi kudzifunira chakudya tsiku lomwelo. Zoopsa zikabwera amatha kumira m'madzi, kangotsala kamlomo kokha pamwamba kopumira. Kapena bambo amawaitana, n'kunjuta, iwo n'kulowa m'mapiko, iye n'kuimirira kumayenda nawo. Ndi zomwe mwajambulazo.

Zisa zambiri za mbalameyi zimawonongeka ndi ng'azi, njoka, madzi akakwera, kapena mvuu ikadutsa. Ndiye yaikazi yosamangika ndi ntchito yolera imatha kuikiranso mazira ena msanga.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Kawirikawiri bamboyo amanyamula ana chifukwa waona choopsa, ndipo mwina choopsacho linali boti lanu lomwelo. Mukadzaonanso zotere, mum'pemphe woyendetsa azimitse injini, asaitsate. Ikadekha imawatsitsa ana, ndipo ana anu a Sande sukulu adzadzionera okha tianapiye tikutuluka m'mapiko kamodzikamodzi.

FUNSO: Achimwene, mu Okutobala chaka chatha ndinaoloka pa bwato kupita pa kachilumba ka mchenga pa Shire, kumunsi kwa Chikwawa. Ndinapeza mazira atatu amawangamawanga pa kadzenje, popanda ndi udzu womwe. Mbalame zakuda kumsana, zoyera kumimba, za milomo yaitali yofiira zinkandizungulira zikulira. Ndinajambula mwina theka la ola, cha m'ma 11 koloko. Nditabwererako patapita masiku awiri, mazira panalibe. Kodi makolo anawasamutsa? — Mlimi wa thonje, Chikwawa

YANKHO: Achimwene, mwafunsa ndi mtima woona, ndiye sindikubisirani. Mbalame zimenezo sizinyamula mazira. Chachidziwikire n'chakuti mazirawo anafa ndi dzuwa kapena anadyedwa. Kalata yanu ndaipatsa malo aakulu chifukwa zomwe zinachitikazo zimachitikira anthu ambiri okonda mbalame, omwe alibe cholinga choipa ngakhale pang'ono.

Munapeza African skimmer. Mukaonetsetsa zithunzi zanu muona kuti mlomo wa m'munsi ndi wautali kuposa wa m'mwamba. Madzulo ndi usiku imauluka motsika kwambiri, mlomo wa m'munsiwo ukung'amba madzi, ndipo ukagunda kansomba mutu umapindika, mlomo n'kutseka. Imaikira mazira awiri kapena atatu pa mchenga wa pakati pa mitsinje ikuluikulu monga Shire ndi Zambezi, m'chilimwe madzi akatsika. Nthawi yake ndi yowerengeka. Mazira amafuna milungu itatu, ana amafunanso mwezi wathunthu kapena kuposerapo kuti ayambe kuuluka, ndipo zonsezi ziyenera kutha madzi asanakwere. Banja lotaya mazira mu Okutobala, chaka chimenecho mwina lapita padera.

Tsono taganizirani kutentha kwa kuchigwa kwanuko mwezi umenewo. Mumthunzi momwe kumafika madigiri 40, nanga mchenga wa pamtetete womwe simungapondepo opanda nsapato? Kamwana ka m'dzira kamakula bwino pa madigiri 37 kapena 38. Dzira likatentha kupyola 42 kapena 43, kamafa. Choncho masana kholo lomwe lakhala pamazira silikuwafunditsa ayi, likuwatchingira dzuwa. Mukakhala patali n'kumaonerera, muona makolo akusinthana. Wina amauluka kukanyowetsa nthenga za kumimba m'madzi, n'kubwera kudzakhala pamazira ali chonyowa kuti awaziziritse. Theka la ola lomwe munaima pamenepo, ntchito imeneyi inaima.

Palinso ena omwe amaonerera. Khwangwala ndi mphamba amadziwa kuti mbalame zikamalira mozungulira malo amodzi ndiye kuti pansi pali kanthu. Munthu akangochoka, amafika kholo lisanabwerere. Mapazi anu pamchenga amalozanso njira, ndipo ana oweta mbuzi kutsidya akaona munthu wamkulu atagwada pamalo amodzi nthawi yaitali, nawonso amafuna kukaona. Ng'azi ndiye sichedwa n'komwe.

Si mbalame yokhayi yomwe imaikira poyera. Kuli kambalame kena kakang'ono ka m'mbali mwa madzi kotchedwa Kittlitz's plover. Kakaona munthu akubwera kamaimirira, n'kukankhira mchenga pa mazira ake awiri ndi timiyendo mwachangu, kenaka n'kuthamangira kwina. Mukafika pamalopo simuona kanthu, mukhoza kuwaponda osadziwa. Tina timadzigwetsa pansi n'kumakoka phiko kuti muziyesa tathyoka, cholinga muzitilondola mukutalikira chisa. Zonsezi ndi chilankhulo, ndipo wojambula ayenera kuchimva. Mbalame ikasiya kudya n'kutukula khosi, mwayandikira. Ikadzuka pachisa, mwapyola malire. Ikamalira, kukuzungulirani kapena kukuwopsezani ndi mapiko, bwererani msanga mpaka itakhalanso pansi, ndipo pamene yakhalirapo m'pamene pali malo anu. Palibe mamita omwe ndingakupatseni, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi muyezo wake, ndipo yomwe imakuuzani ndi mbalameyo.

Anthu ena amati ukakhudza dzira mbalame imalinyanyala chifukwa cha fungo la munthu. Kwa mbalame zambiri zimenezo si zoona, koma musalikhudzebe, chifukwa kuti mufike pokhudza ndiye kuti mwathamangitsa kale kholo. Musadulenso bango kapena nthambi yotchinga chisa pofuna kuti chioneke bwino pachithunzi. Nthambi yomwe ikukutchingirani inuyo ndi yomwenso ikutchingira khwangwala ndi dzuwa. Ma drone asayandikire zisa, mbalame zimawayesa adani a m'mwamba. Okwera maboti a injini achepetse liwiro podutsa timichenga timeneti, poti funde la boti limakwera pamchenga n'kukokolola mazira ndi anapiye.

Ndikudziwa kuti ku Elephant Marsh ndi ku Chilwa anthu amasaka mbalame ndi kutola mazira kuti apeze ndiwo. Chilwa itaphwa mu 1995 nsomba n'kusowa, mabanja ambiri anapulumukira mbalame. Munthu wa njala sindingamuweruze nditakhala pa tebulo mtauni. Koma ife onyamula kamera sitinapite pamchengapo chifukwa cha njala, ndiye tilibe chowiringula. Dziwaninso kuti m'mapaki ndi m'malo otetezedwa, kutola mazira kapena kuononga chisa ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017.

Chaka chino mukapitenso, koma musakatsike pamchengapo. Muimike bwato kutsidya kapena m'bango, m'mawa 8 koloko isanakwane kapena madzulo dzuwa litapendeka. Chithunzi chenicheni cha African skimmer si cha mazira, ndi chija ikung'amba madzi, mzere woyera ukutsalira m'mbuyo mwake. Ili ndi chizolowezi chabwino kwa ife, imadutsa njira imodzimodzi kangapo, kupita n'kubwerera. Mukaiona yadutsa kamodzi, tcherani kamera panjira yomweyo. Ngati kamera yanu imalola, ikani shutter speed (liwiro lomwe kamera imajambulira) pa 1/2000, ISO (yomwe imawalitsa chithunzi) muikweze ndithu, ndipo muziitsata ndi thupi lonse, osati ndi manja okha. Mukamaika zithunzi pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, musatchule malo enieni a chisa mpaka ana atauluka, ndipo muzimitse location pa kamera ya foni, chifukwa chithunzi chimatha kusunga malo pomwe chinajambulidwa.

FUNSO: Kuseri kwa sukulu yathu kuli damu, ndipo mu mtengo wa mkuyu muli chisa chachikulu cha nantchengwa. Ophunzira akufuna kudziwa za m'kati mwake. Ena akuti timangirire foni ku nsungwi tiilowetse. Agogo anga ankati wopasula chisa cha nantchengwa amachita misala. Mukuti bwanji? — Mphunzitsi wa sayansi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, za misala sindingachitire umboni, koma mawu a agogo amenewo asunga zisa zambiri m'midzi mwathu, ndipo sindifulumira kuwatsutsa pamaso pa ana. Nsungwiyo isalowe. Chifukwa choyamba ndi mbalame, chachiwiri ndi ophunzira anu. Zisa za nantchengwa mumalowa alendo ambiri: akadzidzi, njuchi, njoka kuphatikizapo zaululu. Wogwedeza chisa ndi nsungwi ataima pansi pake sadziwa chomwe chimugwere.

Za m'kati ndikuuzani. Yaimuna ndi yaikazi zimamanga pamodzi, makamaka m'mawa ndi madzulo. Zimayamba ndi thandala la timitengo ndi matope pa mphanda ya mtengo, kenaka makoma, n'kumalizira denga lochindikala. Chisa chimatha kupyola mita imodzi ndi theka mulifupi, chimadya timitengo masauzande, ndipo ndi cholimba moti munthu wamkulu akhoza kuimapo osachibowola. Khomo lili cham'munsi, lopapatiza, lozira ndi matope, ndipo kuchokera pakhomopo pali kanjira kolowera m'chipinda chimodzi chachikulu. M'menemo ndi momwe zimaikira mazira oyera atatu mpaka asanu ndi awiri. Zimafungatira mosinthana kwa mwezi umodzi, ndipo ana amakhala m'chisa milungu isanu ndi iwiri asanatuluke. Padenga zimaunjikapo chilichonse chomwe zatola: sanza, mapepala apulasitiki, mafupa, zikopa za njoka. Banja limodzi limatha kumanga zisa zingapo pachaka, zina osazigwiritsa ntchito, ndipo n'zomwe ena amapezerapo nyumba. Atsekwe ofiirira aja a banga lozungulira diso amakonda kuikira pamwamba kapena m'kati mwa chisa chakale cha nantchengwa, ndipo ana awo akangoswa amadumpha kuchokera pamwamba pomwepo mpaka pansi osavulala.

Ophunzira anu ali ndi mwayi wochita sayansi yeniyeni. Sankhani malo amodzi patali, pomwe mbalame sizikusintha zochita mukakhalapo. Muzijambula chisa kuchokera pomwepo sabata iliyonse, tsiku lomwelo. Awiriawiri azikhalapo mphindi 30 m'mawa ndi kope, azilemba: zafika kangati, zanyamula chiyani, ikulowa ndi imodzi kapena zonse. Zikamabwera ndi timitengo ndi matope, zikumanga. Ikamaoneka imodzi yokha kunja, inzake ikuchedwa m'kati, n'kutheka kuti muli mazira. Zikayamba kulowa pafupipafupi zikuchokera kudamu komwe zimagwira achule ndi ambululu, ana aswa. Aonenso momwe imalowera. Imabwera chouluka motsika, n'kukwera mwadzidzidzi, n'kupinda mapiko pakhomo penipeni. Amene adzajambule kamphindi kameneko ndi foni, mudzam'patse mphoto.

FUNSO: Mafunso anga ndi awiri. Ndikajambula kakowa, thupi lake limangoti mbee osaoneka nthenga. Chachiwiri, ku Cape Maclear eni maboti amaponyera nkhwazi nsomba kuti tijambule. Kodi n'zololedwa kwa wojambula weniweni? — Mnyamata wa ku Monkey Bay

YANKHO: La kakowa ndi losavuta. Kamera imaona bango lakuda kumbuyo n'kuganiza kuti kuli mdima, ndiye imawalitsa chithunzi chonse, choyera n'kupserera. Tsitsa exposure compensation (poonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) ifike pa -1, dzuwa likakhala lamphamvu upitirire pang'ono. Pa foni, dina pa mbalameyo n'kukokera pansi kachizindikiro ka dzuwa. Masana dzuwa lili paliwombo usavutike, dikira madzulo. Nyengo yoswerana, akakowa oyenda ndi ng'ombe aja amamera nthenga zofiirira pamutu, pachifuwa ndi pamsana, ndipo amamanga zisa chigulu mumtengo umodzi. Usapite pansi pa mtengowo, anapiye akadzidzimuka amagwa ndipo sabwereranso m'chisa. N'chimodzimodzi pa chilumba cha Boadzulu kufupi ndi kwanuko, pomwe miyala inayera ndi zitosi za mphipi. Zungulira pa boti, usatsike.

Za nkhwazi, ine sindiletsa. Anyamata a maboti amapezerapo chakudya cha ana awo, ndipo nkhwazizo zimasakabe zokha. Koma ukamaonetsa chithunzi, unene kuti nsomba inachita kuponyedwa. Kuti chituluke bwino, kumbukira kuti nkhwazi imakonda kutsika moyang'anana ndi mphepo, ndiye dzuwa ndi mphepo zikhale kumsana kwako. Lozetsa kamera pa nsomba yoyandamayo, osati kumwamba, shutter speed 1/2000 kapena kuposerapo, ndipo uyambe kujambula isanafike.

Chomwe ndingakonde n'chakuti uidziwe nkhwazi kupitirira kamphindi ka nsombako. Banja limakhala ndi dera lake ndipo limabwerera ku chisa chomwecho chaka ndi chaka, likuwonjezera mitengo mpaka chisa kufika mamita awiri mulifupi. Zimaikira nyengo yozizira, nthawi ya mwera, kawirikawiri mazira awiri. Kufungatira kumatenga milungu isanu ndi umodzi, ndipo mwana amauluka atatha masiku 70 kapena 75. Mwanayo sakhala ndi mutu woyera, ndi wamathothomathotho, ndipo zimam'tengera zaka zinayi kapena zisanu kuti afanane ndi makolo ake. Ambiri akamuona amayesa mtundu wina. Chomwe chimandidetsa nkhawa m'mbali mwa nyanja si nsomba zoponyedwa, koma kutha kwa mitengo italiitali, yomwe ikupita ku mabwato ndi nkhuni zowambira nsomba. Mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, komanso pa mbendera ya Zambia, singamange chisa pa chitsamba. Ukaupeza mtengo wa chisa, ukawauze amfumu a deralo kuti audziwe.

FUNSO: Pali kambalame kofiirira kamene kamayenda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kakugwedeza kumchira mmwamba ndi pansi osalekeza. Ndakasakira chisa dzinja lonse koma osachipeza. Kamabisa pati? — Bambo opuma pantchito, Lilongwe

YANKHO: Bambo, pumulani, chisacho kuno kulibe. Malinga ndi momwe mwafotokozera, ndi common sandpiper. Mukaona kuyera kwa kumimba kukukwera pang'ono kutsogolo kwa phiko, komanso kakamauluka motsika pamadzi mapiko ali chowerama, ndi komweko. Kamaswerana ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, kenaka kamathawa chisanu n'kubwera kuno. Tambiri timafika kuyambira Ogasiti ndi Sepitembala, n'kubwerera cha mu Epulo. Si kokha. Timbalame tambiri ta miyendo yaitali tomwe timadzadza matope a ku Chilwa ndi ku Vwaza m'dzinja ndi alendo otere, ouluka makilomita masauzande ulendo umodzi. Pa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame yomwe inalembedwa m'Malawi, si yonse yomwe imaswerana kuno.

Khama lomwe mwaonetsalo musalitaye. Gulani kope, muzilemba tsiku lomwe mwakaona koyamba chaka chilichonse ndi tsiku lomwe mwakaona komaliza, malo ake, ndi kuchuluka kwa madzi mumtsinje. Chithunzi ngakhale chosaoneka bwino chimathandiza kutsimikiza mtundu. Ngati foni yanu ili ndi intaneti, pulogalamu ya Merlin imathandiza kuzindikira mbalame kuchokera pachithunzi, ndipo pa tsamba la eBird mukhoza kuika zomwe mwaona kuti ofufuza azigwiritse ntchito. Mu Januwale ndi mu Julayi m'maiko ambiri a mu Africa mumachitika kalembera wa mbalame za m'madzi, ndipo ntchito yotereyi imadalira anthu ongodzipereka. Kafunseni ku nthambi ya Lilongwe ya Wildlife and Environmental Society of Malawi za maulendo awo okaona mbalame. Mukamapita kumtsinjeko muzitenga mnzanu, ndipo mvula ikagwa kumtunda musakhale pa miyala ya pakati, madzi a mtsinje umenewo amakwera mosachenjeza.